Chizungu cha ndalama ndi bajeti: muphunzire pa foni, m'kalasi, m'nyuzi kapena pa mapepala anu omwe?

Anthu ambiri chizungu cholankhula amachitha ndithu, atha kucheza ndi mzungu ola lathunthu osadodoma, koma muwapatse fomu ya ngongole ya kubanki kapena muwauze kuti alembe bajeti ya pulojekiti, basi mutu waima. Si umbuli ayi. Kusukulu ambirife anatiphunzitsa chizungu cholembera chimangirizo ndi kalata yopempha ntchito, cha ndalama anachilawa okhawo omwe anatenga Business Studies kapena akaunti, enafe tinakumana nacho koyamba tili pa mzere kubanki, cholembera chili m'manja, kumbuyoku anthu akung'ung'udza kuti tikuwachedwetsa.

Nde funso loti munthu angaphunzire bwanji mawu amenewa limabwerabwera, kwa a geni, kwa achinyamata omwe angoyamba kumene ntchito m'mabungwe, ngakhale kwa amayi a banki m'khonde omwe gulu lawo lakula mpaka akufuna kutsegula akaunti. Njira zilipo zingapo, zina zaulere zina zodula, ndipo sizifanana olo pang'ono. Maganizo anga ndinenerethu kuti musavutike kudikira: yambirani pa mapepala omwe ali ndi dzina lanu komanso ndalama zanu, zinazi ndi zongothandizira. Koma tizione zonse poti anthufe zofuna zimasiyana.

Tigwirizane kaye kuti kudziwa liwu la zandalama nkutani, chifukwa si kungodziwa chichewa chake. Pa mapepala a ngongole mumapezeka mawu awa, flat rate ndi reducing balance. Tinene kuti mwatenga K1,000,000 yoti mubweze pa miyezi 12, chiwongoladzanja 30 peresenti pachaka. Akalemba flat rate ndiye kuti chiwongoladzanja akuwerengera pa miliyoni yonse chaka chonse ngakhale inu mukubweza mwezi ndi mwezi, nde pamwamba mulipira K300,000, pamwezi muzitulutsa cha m'ma K108,000. Akalemba reducing balance akuwerengera pa ndalama yomwe yatsala, ngongole ikamachepa nacho chiwongoladzanja chikuchepa, pomaliza mwalipira cha m'ma K170,000 pamwamba, pamwezi pafupifupi K97,500. Peresenti yomweyo, miyezi yomweyo, koma kusiyana kwake K130,000. Munthu yemwe waloweza kuti reducing ndi kuchepa sanadziwebe kanthu. Wodziwa ndi uja akaona mawuwa amatukula mutu nkufunsa kuti nde zonse pamodzi ndikhala nditalipira zingati. Njira iliyonse ndiziyiyeza pamenepo, kuti kodi ikukufikitsani pofunsa funso limenelo kapena ikungokudzazani mawu m'mutu.

Yotchipa kuposa zonse ndi mndandanda wa mawu ndi dikishonale. Ma PDF aja amayenda m'magulu a WhatsApp, liwu mbali ino tanthauzo mbali inayo, asset, liability, revenue, expense, mpaka pansi. Ubwino wake ndi woonekeratu, sizifuna bandulo, mukakopera m'kope olo magetsi azime masiku awiri inu mukuwerengabe. Ndipo kwa munthu yemwe sanawaonepo nkomwe mawuwa, kuwaona kamodzi kumachotsa mantha. Koma vuto ndi loti mawu a zandalama ambiri ndi mawu wamba omwe anapatsidwa ntchito ina. Interest ndi chidwi komanso ndi chiwongoladzanja. Stock ndi katundu yemwe ali m'shopu komanso ndi masheya a kampani. Capital ndi mpamba, ndi likulu la dziko, ndi chilembo chachikulu. Choipa kwambiri ndi credit. Pa golosale akalemba no credit ndiye kuti sakongoza, uthenga wa kubanki ukati your account has been credited ndiye kuti ndalama zalowa, sangalalani, pamene debited ndiye kuti zatuluka, kenako wa akaunti akuuzani kuti m'mabuku ake ndalama ikalowa mu akaunti ya kashi amalemba mbali ya debit. Onsewa akunena zoona. Mndandanda umakupatsani tanthauzo limodzi nkukusiyani pamenepo, nde tsiku lomwe mwakumana ndi lachiwiri mumasokonezeka kuposa munthu yemwe sanawerenge nkomwe.

Makina omasulira monga Google Translate chichewa ali nacho, ndipo amathandiza, bola muziikamo chiganizo chonse osati liwu limodzi lokha chifukwa liwu lili lokha makinawo sangadziwe kuti mukunena chidwi kapena chiwongoladzanja. Kusaina pangano la ngongole potengera zomwe foni yamasulira, zimenezo ayi.

Pali ma apu a timakadi monga Anki ndi Quizlet, omwe amakubweretserani liwu lomwe mukuliiwala kawirikawiri mpaka litakhazikika. Amagwira ntchito, sindikukana. Koma amakoma makadiwo mukapanga nokha, kutsogolo chiganizo chomwe mwachipeza pa pepala lenileni, kumbuyo tanthauzo m'mawu anuanu. Mukangotenga makadi opangidwa ndi munthu wina wa kunja ndiye kuti mwabwereranso ku mndandanda uja, kungoti pano uli pa foni.

Ma apu ophunzirira chinenero onga Duolingo ndiwadutsa mwachangu. Ndi a chizungu cha tsiku ndi tsiku, moni, chakudya, ulendo. Ngati chizungu chanu chenichenicho chili chofooka ayambeni, palibe cholakwika, koma musayembekeze kuti akuphunzitsani kuwerenga sitetimenti ya kubanki.

Zenizeni za pa intaneti zili pa YouTube ndi masamba monga Investopedia, Khan Academy ndi BBC Learning English. Apa ndiye pali chuma, munthu akujambula pa bolodi kukuonetsani kuti cash flow ndi phindu ndi zinthu ziwiri zosiyana, mukapanda kumva mumabweza vidiyo kangapo popanda wokusekani, komanso mumamva katchulidwe kake, zomwe dikishonale ya pepala singakupatseni. Zovuta zake ndi ziwiri. Choyamba bandulo, vidiyo imadya koopsa, nde ochenjera amakopera pomwe apeza wifi nkukaonera kunyumba. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye ambiri sachizindikira, mavidiyo ochuluka ndi a ku America, pamene chizungu cha m'maofesi ndi m'mabanki kuno chinatengera ku Britain. Wa ku America akuti checking account, kuno mumva current account. Iye akulemba check, ife cheque. Iye akuti inventory, wa shopu kuno akuti stock. Iye akuti accounts receivable, akuluakulu a kuno ambiri akadali kunena debtors, kutanthauza anthu omwe ali ndi ngongole kwa inu. Turnover kuno ndi ndalama zonse zomwe mwagulitsa musanachotse kalikonse, pamene vidiyo ya ku America ikhoza kukhala ikunena za antchito omwe akusiya ntchito. Nde mutha kutha sabata mukuphunzira za 401k, IRS ndi credit score za anthu a ku Texas, zomwe pa Limbe kapena pa Mchesi sizikugulitsani olo thumba limodzi la sopo. Muzisankha mavidiyo a aphunzitsi omwe akukonzekeretsa anthu mayeso a akaunti a ACCA kapena ena a ku Britain, chifukwa mawu awo ndi omwe mukawapeze pa malipoti a makampani a kuno, omwe amatsata malamulo a mayiko ambiri olembera malipoti a chuma otchedwa IFRS. Mwachitsanzo chomwe ambiri timachidziwa ngati balance sheet, pa malipoti amenewa chimalembedwa statement of financial position, chinthu chake ndi chimodzimodzi.

Zatsopano ndi ma AI ocheza nawo aja onga ChatGPT. Kunena zoona pophunzira mawu ndi abwino, mutha kulemba chiganizo chomwe chakuvutani nkuwauza kuti afotokoze ngati akufotokozera mwana wa Sitandade 8, apereke chitsanzo cha m'makwacha, kapena muwauze kuti akhale ngati wa kubanki inu mukhale wopempha ngongole muyeserere kuyankha mafunso. Satopa, sanyoza. Koma amalakwitsa ali ndi chidaliro chonse, makamaka pa zinthu za kuno monga milingo ya msonkho, yomwe imasintha bajeti ya boma ikadutsa. Tanthauzo la withholding tax afunseni, koma kuti ndi maperesenti angati chaka chino kafunseni ku MRA. Ndipo chonde musamajambule sitetimenti yonse nkuiponya mmenemo, nambala ya akaunti, ya chitupa cha unzika, zonse zili poyera. Lembani chiganizo chokhacho chomwe mukufuna.

Tsopano kalasi. Apa ndiye anthu amagawanika, ena amati popanda satifiketi palibe chomwe waphunzira, ena amati nkutaya ndalama. Kwa munthu yemwe akufuna kuti akaunti ikhale ntchito yake palibenso zokambirana, pitani ku Malawi College of Accountancy, yomwe ili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, kapena sukulu zina zokonzekeretsa mayeso a ICAM, ACCA kaya CIMA, kapena digiri ku MUBAS ndi mayunivesite ena. Chomwe kalasi imapambana nacho njira zina zonse ndi choti mawu samabwera limodzilimodzi, amabwera ngati banja. Mukamvetsa kuti chilichonse cholowa m'mabuku chimalembedwa mbali ziwiri, ndiye kuti debit, credit, ledger, trial balance, accrual, prepayment ndi depreciation zonse zapeza malo ake nthawi imodzi, simukuloweza mukungoona kuti ichi chikugwirana ndi ichi. Komanso mayeso amakukakamizani, poti munthu ukalipira fizi sugona. Koma fizi yomweyo ndiye vuto, kuphatikiza ya mayeso, mabuku, thiransipoti, ndi nthawi yomwe mukanakhala muli pa geni. Ndipo kalasi imaphunzitsa chinenero cha wolemba mabuku a kampani, chomwe ndi chochuluka kuposa chomwe mayi wa salauni kapena bambo wa hadiweya akufuna. Kulipira chaka chonse kuti mudziwe kulemba invoyisi kuli ngati kugula ng'ombe chifukwa mwalakalaka tiyi wamkaka.

Maphunziro afupiafupi aja, a masiku atatu kapena sabata, omwe amachititsa mabungwe a boma othandiza mabizinesi ang'onoang'ono, ma SACCO, mabanki ndi mabungwe omwe si aboma, ali pakatikati. Nthawi zambiri amakhala aulere kapena otchipa, ophunzitsa amasakaniza chizungu ndi chichewa, zitsanzo zake ndi za tomato, nkhuku ndi makala osati za ku New York. Kungoti mawu amathiridwa ambiri nthawi yochepa, ndipo tisanamizane, enafe timapitako maso ali pa alawansi ndi chakudya cha masana, kabuku kaja kakafika kunyumba ana ayamba kujambulamo magalimoto. Amapindula ndi yemwe wapitako ali kale ndi mafunso ake olemba.

Pali kanjira kena komwe anthu amakanyoza koma ine ndimakakonda: buku la Business Studies la sekondale, lomwe ana a MSCE amagwiritsa ntchito. Mutha kubwereka kwa mwana wa achimwene anu, kugula lakale kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu, kapena kukawerengera ku National Library. Chizungu chake ndi chofewa, zitsanzo ndi za ku Malawi konkuno, ndipo mitu ya mapepala a malonda, mabanki, inshuwalansi ndi kasungidwe ka mabuku ili mmenemo mwadongosolo. Wamkulu kuoneka ndi buku la Fomu 3 ena amachita manyazi, chabwino likutireni ndi nyuzi.

Kunena za nyuzi, masamba a zamalonda a The Nation ndi The Daily Times ndi sukulu yomwe ambiri timaidumpha pothamangira zampira. Makampani omwe ali pa Malawi Stock Exchange, monga National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, Illovo, TNM, Airtel, NICO ndi Press Corporation, amasindikiza zotsatira za chuma chawo m'nyuzi, tsamba lathunthu la manambala, ndipo mawu ake ndi omwewo chaka ndi chaka, revenue, profit before tax, profit after tax, dividend, total assets. Mukawerenga malipoti atatu anayi mudzaona kuti chinthu chomwe chimaoneka choopsa chija ndi mawu ochepa omwe akungobwerezedwa. Nyengo yabwino kwambiri ndi ya bajeti ya boma. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo nkutha pa 31 Malichi, nde miyezi yoyambirira ya chaka nduna ya zachuma ikamapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo mawayilesi onse amakhala pa nkhani imodzi. Apa chitani kachinyengo aka, mverani nkhani ya chizungu pa MBC, Zodiak kaya Times, kenako mudikire ya chichewa pa wayilesi yomweyo. Nkhani ndi yomweyo, manambala ndi omwewo, nde mumagwira nokha kuti recurrent expenditure ndi ndalama zoyendetsera boma tsiku ndi tsiku monga malipiro, development expenditure ndi za chitukuko, deficit ndi kuperewera kwa ndalama pa bajeti, grants ndi thandizo losabweza. Palibe wakuphunzitsani, mwangolumikiza.

Ndipo mawu ena dziko lonse linaphunzira mokakamizidwa. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700, kuyambira pamenepo devaluation, forex ndi inflation ngakhale wa kabaza amazitchula bwinobwino osaluma lilime. Kufooka kwa njira ya nyuziyi nkwakuti ndi chizungu cha chuma cha dziko, sichikuphunzitsani kulemba kotesheni. Chimathandiza pomvetsa mphepo komwe ikulowera, mwachitsanzo mukamva kuti Reserve Bank yakweza policy rate, chiwongoladzanja chomwe iyo imaika kuti chitsogolere mabanki, mudziwe kuti reference rate, pomwe mabanki amayambira powerengera chiwongoladzanja cha ngongole, itsatira, ndipo ngati pepala la ngongole yanu linalembedwa variable kapena floating ndiye kuti zobweza zanu zitha kukwera ngongole ili mkati.

Tsopano njira yomwe ndinanena poyamba ija. Taonani ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba. Ambiri sanalowepo kalasi ya akaunti, ena sukulu anasiyira panjira, koma fuloti, komishoni, cash in, cash out, reversal, transaction ID, amazidziwa mopanda kuphonya, ndipo sangasokoneze fuloti ndi phindu olo muwadzutse pakati pa usiku. Chifukwa chake nchoti liwu lililonse lili ndi ndalama yawo kumbuyo kwake, ukalakwitsa madzulo kashi siikwana. Mawu a zandalama amakhazikika choncho. Nde sonkhanitsani mapepala anu, sitetimenti ya kubanki, mauthenga a pa foni, malisiti a koodera katundu, fomu ya ngongole olo simukufuna kutenga ngongoleyo, pepala la malipiro ngati muli pa ntchito, pangano la lendi ya shopu. Tengani pensulo muzilemba mzere pansi pa liwu lililonse lomwe simungathe kufotokozera mnzanu. Pa sitetimenti mupeza Dr ndi Cr kutanthauza debit ndi credit, opening balance, closing balance, ledger fee, nthawi zina b/f ndi c/f kutanthauza ndalama yochokera tsamba lapitalo ndi yopita tsamba lotsatira. Pa fomu ya ngongole mupeza principal yomwe ndi ngongole yeniyeniyo popanda chiwongoladzanja, collateral kapena security chomwe ndi chikole, guarantor yemwe ndi mboni yomwe idzalipire inu mukalephera, osati yongoonerera, arrangement fee kapena processing fee yomwe ena amadula ndalama musanaigwire nkomwe, grace period, arrears, default, penalty. Muonenso timalembo tiwiri tija, p.a. ndi p.m., pachaka ndi pamwezi. Munthu wozolowera banki m'khonde komwe magulu ambiri amawerengera pamwezi akhoza kuona 5 peresenti nkuti eee kutchipa, osaona kuti ndi pamwezi, pachaka ndi 60.

Kwa omwe mukufuna kumaperekera katundu ku masukulu, zipatala, mabungwe kaya ku boma, mawu anu ali pa ulendo wa mapepala. Amayamba ndi request for quotation, inu mumapereka kotesheni, akakusankhani amakupatsani LPO yomwe ndi oda yolembedwa, popereka katundu mumasainitsa delivery note, kenako invoyisi yopempha malipiro, lisiti imabwera ndalama zikalowa basi osati zisanalowe. Proforma invoice dzina lokha ndiye invoyisi koma ntchito yake ili pafupi ndi kotesheni. Pena pamalembedwa payment within 30 days, apo dziwani kuti mpamba wanu ukagona kumeneko mwezi wathunthu kapena kupitirira, nde musatenge katapila wa masabata awiri kuti mugulire katunduyo. Adzakufunsaninso TPIN, yomwe ndi nambala yanu ya msonkho, ndi tax clearance certificate za ku MRA, satifiketi ya kulembetsa bizinesi, za boma adzafunanso kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira zogula za boma. Ndipo ndalama ikabwera yoperewera musathamangire kukalipa, onani kaye ngati sanadule withholding tax, nkupempha satifiketi yake chifukwa imeneyo ndi umboni woti msonkho wina mwalipira kale.

Mawu awiri omwe amadyetsa anthu mpamba ndi inclusive ndi exclusive pa VAT. Titenge mulingo wa 16.5 peresenti womwe tinakhala nawo zaka zambiri. Katundu wa K100,000 VAT exclusive, wogula alipira K116,500. Koma mukalemba K100,000 VAT inclusive pamene mumatanthauza exclusive, msonkho utuluka m'kati mwa ndalama yanu yomweyo. Ndipo pochotsa VAT pa K116,500 simuchotsa 16.5 peresenti ya ndalama imeneyo ayi, mumagawa ndi 1.165 kuti mubwerere pa K100,000. Ena awiri ndi mark-up ndi margin. Mwaoda chinthu pa K8,000 mwagulitsa K10,000, mark-up ndi 25 peresenti poti mukuyerekeza K2,000 ndi mtengo woodera, margin ndi 20 peresenti poti mukuyerekeza ndi mtengo wogulitsira. Wa kubanki akafunsa margin inu nkuyankha mark-up, manambala anu onse aoneka okokomeza ngakhale simunafune kunama.

Za bajeti ndiye musawerenge nkomwe, ingolembani. Tengani kope kapena Excel, mitu ya mizere muilembe m'chizungu, item, unit cost, quantity, total, kenako mwezi ukatha muonjezere actual ndi variance, zomwe munaganiza, zomwe mwawonongadi, ndi kusiyana kwake. Gawani fixed costs monga lendi ndi malipiro a mlonda, zomwe mulipira olo musagulitse kanthu, ndi variable costs monga katundu wooda ndi majumbo, zomwe zimakwera malonda akamayenda. Ikani mzere wa contingency wa zogwa mwadzidzidzi, ndi wa drawings, ndalama zomwe mwini mwatapa mu bizinesi kukagula ndiwo kapena kupereka chipepeso pa maliro. Mzere umenewu ambiri saulemba ndipo ndi umene umadya mpamba mwakachetechete. Miyezi iwiri itatu mukulemba chonchi mawuwa simudzawafunanso mu dikishonale. A m'mabungwe inu muonjezere anu, budget line, petty cash, supporting documents, ndi kulikwideta kuja, komwe ndi kubweza malisiti ndi chenji cha ndalama yomwe munatenga ya ntchito, osalikwideta sakupatsani ina.

Njira imeneyi nayo ili ndi mabowo ake, ndisakunamizeni. Mumangophunzira zomwe mwakumana nazo, nde depreciation kapena working capital mutha kukhala zaka osazimva mpaka tsiku lomwe akufunsani business plan. Chachiwiri imafuna munthu womufunsa, ndipo mukafunsa wolakwika mulowezanso zolakwika. Anthu oti nkuwafunsa alipo pafupi kuposa mmene timaganizira, msungichuma wa SACCO kapena wa kumpingo, mphunzitsi wa Business Studies wa pa sekondale yapafupi, mwana wa aneba yemwe akuphunzira akaunti, ameneyo mukamugulira mayunitsi akufotokozerani mosangalala poti nayenso akukonzekera mayeso. Wa kubanki mufunseni ndithu, ndi ntchito yake kufotokoza, koma kumbukirani kuti iye akugulitsa, nde zomwe wanena mukazimvenso kwa wina yemwe sapindulapo kanthu. Chachitatu ndi manyazi, munthu wamkulu wa ndevu zake kunena kuti pepani liwu ili sindikulidziwa. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani ya ngongole phulalo limakhala nyumba kapena firiji ya mayi kunyumba.

Nde tisankhe bwanji? Wa geni, wa okala, wa salauni, ejenti, inu mapepala anu ndi bajeti ya m'kope zikukwanirani, muonjezere buku la sekondale lija kuti litseke mabowo, foni ikhale yofunsira liwu lomwe lakukanikani basi. Wofuna ma tender a zoperekera katundu, pezani munthu yemwe anaperekerapo kale akuonetseni faelo yake kuyambira kotesheni mpaka lisiti, ola limodzi ndi faelo imeneyo liposa mavidiyo khumi. Wachinyamata yemwe akufuna ntchito ya mu ofesi ya zachuma, kalasi ndi satifiketi simungazithawe, koma muziwerenga malipoti a m'nyuzi aja pambali chifukwa pa intavyu amakonda kufunsa zomwe zikuchitika m'dziko. Wa m'bungwe yemwe si wa akaunti koma bajeti ya pulojekiti yamugwera, kakhaleni pansi ndi wa zachuma wa pa ofesi panu mupemphe bajeti yakale yomwe inavomerezedwa, muione mzere ndi mzere, poti bungwe lililonse lothandiza lili ndi mawu ake omwe limakonda.

Abale omwe muli ku Joni kapena ku UK nkhani ndi yomweyo kungoti mapepala ndi ena. Ku South Africa pepala la malipiro lili ndi gross pay, net pay, PAYE yopita ku SARS ndi UIF, ku Britain muona National Insurance, tax code ndi HMRC, ndipo mndandanda wa mawu wochokera kumudzi sukuthandizani pamenepo. Potumiza ndalama pa Mukuru kapena njira zina muziyang'ana zinthu ziwiri padera, fee ndi exchange rate, chifukwa wina amalemba fee yochepa nkubwezera pa reti, nde chofunika kuyerekeza ndi mzere womwe ukunena kuti wolandira kumudzi agwira makwacha angati.

Chinthu chimodzi chomwe njira zonsezi zimaiwala ndi pakamwa. Kudziwa liwu pa pepala ndi kulitulutsa pamaso pa munthu wovala tayi ndi zinthu ziwiri, nde musanapite kukakumana ndi wa ngongole kapena wogula wamkulu yeserani ndi mnzanu mafunso anu mokweza, what is the total amount I will repay, is the rate fixed or variable, is there a penalty for early repayment, is this price VAT inclusive. Chizungu chikakuthawani pakati pa nkhani bwererani ku chichewa, wa pa kauntayo nayenso ndi wa konkuno amva, ndipo fomu mutha kupempha kuti mupite nayo kunyumba mukaiwerenge ndi pensulo yanu musanasaine.